Ukayenda siya phazi

Kwa inu ana athu amene mukupondaponda m'misewu ya Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, envulopu ya khaki ili m'khwapa. Lero ndilemba motalikirapo. Amene bandulo yakutherani mundikhululukire, musunge, mudzawerenge mukapeza mpata.

Lamulungu lapitali, titaweruka ku mapemphero, mnyamata wina wa kwathu kuno anandiperekeza mpaka pa siteji. Ali pantchito, koma waitanidwa ku intavyu kwina kumene wakhala akukukhumbira. Tikuyenda anati, "Bambo, mafunso ena onse ndawakonzekera. Limene likundisowetsa tulo ndi lija lakuti, n'chifukwa chiyani mukufuna kuchoka kumene muli. Kodi ndikanene zoona, kapena ndikawauze zowakomera m'khutu?" Ndinamufunsa kuti zoonazo n'zotani. Anausa moyo, n'kuyamba kukhuthula. Malipiro amabwera mwezi winawo utalowa kale. Abwana amamukalipira pamaso pa makasitomala. Mphwake wa abwanawo, amene wabwera dzulodzuloli, wakwezedwa kale. Tchuthi sanapiteko chilowereni. Minibasi zitatu zinadzaza n'kunyamuka iye asanamalize.

Atatha ndinamuuza kuti, "Mwana wanga, zonsezi ndazikhulupirira. Koma ukakayankha chomwechi, ntchito ija waitaya." Anandiyang'ana modabwa, ngati akuti, kodi mkulu wa mpingo akundiphunzitsa kunama? Ayi ndithu. Ndipo podziwa kuti si iye yekha amene funsoli limamuzunguza mutu, ndati ndilembe pano zimene ndinamuuza, pamodzi ndi zina zimene minibasi yachinayi sinandilole kumaliza.

Pa funso limeneli pali maenje awiri: bodza mbali iyi, miseche mbali inayo. Ambiri pothawa limodzi amagwera m'linzake. Njira yodutsa pakati ndiyo kunena chifukwa choona, mwachidule, osaipitsa dzina la munthu amene palibe kuti adziyankhire, kenaka n'kutembenukira ku ntchito imene mwadzera.

Ndagwira ntchito m'boma zaka zoposa 30, ndipo m'zaka zakumapeto ndinakhalapo kangapo pa gulu lofunsa anthu ofuna ntchito. Ndikuululireni zimene zimachitika tsidya lija la tebulo. Tikafunsa chifukwa chimene mukuchokera, nkhani za kumene muliko sitili nazo ntchito kwenikweni. Abwana anu sitingawaitane kuti timve mbali yawo, ndipo sitinasonkhane kudzaweruza mlandu. Mumtima timakhala tikufunsa zina. Munthu uyu tikamulemba, akhalitsa kodi? Chimene chikumuchotsa uko, kuno sadzachipezanso? Nanga tsiku limene adzachoke kwathu kuno, adzakanena zotani za ife pa tebulo lina? Pamene mukufotokoza za abwana anu, aliyense wa ife amadzikhazika pa mpando wa abwanawo. Mukamati "munthu uja ndi mbuli, sadziwa kanthu," wapampando amalemba kachizindikiro pa pepala lake, nkhope osasintha. Inu mumatuluka mukuyesa kuti mwawagwira mtima, pamene anthu aja atsala akupukusa mitu.

Izi sindinazimve kwa munthu, ndinazilawa ndekha. Ndili mnyamata, ndinatopa ndi ukalaliki ndipo ndinafunsira ntchito ku kampani ina ku Blantyre. Masiku amenewo ndinali ndi mkulu wina pantchito amene sitinkamwerana madzi. Anali atandikaniza kawiri konse kupita ku maphunziro. Atandifunsa funso lija, ndinaona ngati ndapatsidwa bwalo. Ndinalongosola zonse mwatsatanetsatane, mpaka mawu amene mkuluyo anandinena pa msonkhano. Bambo wina wa imvi, amene anakhala kumapeto kwa tebulo, anandimvetsera kufikira nditamaliza, kenaka anafunsa mofatsa kuti, "Nanga inuyo achimwene, pa zonsezi mbali yanu inali yotani?" Ndinasowa chonena. Kalata yondikana sinachedwe. Koma chowawa chenicheni chinabwera pambuyo pake: mkulu wanga uja anandiitanira mu ofesi mwake, n'kundibwerezera mawu anga amodziamodzi. Ndinakhala pansi pake zaka zina zinayi, ndikudya mawu angawo. Akuluakulu anati kunena kwa ndithendithe Nanthambwe anadzitengera. Ndipo ndikamakumbukira lero, funso la bambo wa imvi uja linali lolungama. Ndinkafika mochedwa, ndinkayankha mwamwano, koma zimenezo pa tebulo paja sindinazitchule.

Dziko lathuli ndi laling'ono kuposa mmene limaonekera pa mapu. Amene amalemba anthu ntchito anaphunzira limodzi ku Chancellor College, ku Polytechnic kapena ku Bunda. Amakumana pa maliro ndi pa zinkhoswe, amadyera pamodzi pa misonkhano ya kunyanja ku Mangochi ndi ku Salima, ndipo masiku ano alinso m'magulu amodzi a pa WhatsApp. Mawu amene mwalankhula m'mawa m'chipinda chotseka, pofika madzulo afika kwa mwini wake. N'chifukwa chake makolo anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Tsono wina angati, ngati zili choncho, bola kungopeka nkhani yabwino. Limenelo ndi dzenje linalo. Ndaonapo anthu ochotsedwa ntchito akunena kuti anasiya okha. Ndaonapo ena akuti kontrakiti inatha, pamene anathawa ndi ngongole ya ku ofesi. Ena mpaka amadwalitsa mayi awo, amene ali bwinobwino kumudzi akupalira chimanga. Bodza lotere limatha ndi foni imodzi. Mayina amene mumalemba kumapeto kwa CV aja si okongoletsera pepala, ndipo wolemba ntchito wochenjera saimbira okhawo amene mwamupatsa. Amaimbiranso mnzake wa kusukulu amene akugwira kumeneko. Ngakhale bodzalo litadutsa tsiku limenelo, mlandu suola. Mudzakhala pantchito yatsopanoyo mtima uli m'mwamba, kuopa mlendo aliyense wochokera kumene munali, ndipo zikadzadziwika adzasiya kukukhulupirirani pa zonse, ngakhale ntchito mukuigwira bwino. Amene tinadutsa m'kalasi tikukumbukira kuti lamulo lachisanu ndi chinayi limatseka maenje onse awiri, pakuti katekisimu amatiphunzitsa kuti limaletsa kunama ndiponso kuwononga mbiri ya mnzathu.

Koma kusanena zonse si kunama. Taonani Yosefe mu Genesis 40, pamene ali m'ndende akufotokozera woperekera chikho wa Farao za moyo wake. Munthu wogulitsidwa ndi abale ake enieni, wonamiziridwa ndi mkazi wa bwana wake, anali ndi zonena zokwanira usiku wonse. Anangonena ziwiri: kuti kwawo anachita kubedwa, ndi kuti sanachite kanthu koyenera ndende. Zonsezo zinali zoona. Dzina la Yuda sanalitchule, la mkazi wa Potifara sanalitchule. Ndipo m'mutu 41, ataitanidwa pamaso pa Farao, anameta, nasintha zovala, nalankhula za njala imene inali kubwera ndi mmene dziko lingasungire chakudya. Nthawi yochepa imene anapatsidwa anaithera pa vuto la womuitanayo, ndipo anatuluka m'menemo ali nduna yaikulu.

Tsopano nditsikire pa zimene mungakanene, popeza zifukwa zochokera pantchito n'zosiyanasiyana.

Ngati chifukwa chake ndi malipiro, nenani; palibe chochititsa manyazi. Aliyense wokhala pa tebulo lija akudziwa kuti kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo naye amagula shuga ndi feteleza kumene inu mumagula. Koma ndalama zisakhale zokhazo m'kamwa mwanu, chifukwa wofunsa adzati, uyu akadzamva kuti kwina awonjezerako pang'ono, adzatithawa nafenso. Mungathe kunena kuti, "Ndagwira kumeneko zaka zinayi ndipo ndaphunzira zambiri pa kasungidwe ka katundu. Udindo wakula koma malipiro sanasinthe, ndipo ndikufuna malo amene ndingasenze zambiri n'kulandira molingana ndi ntchitoyo." Ngati malipiro amachedwa, ingonenani kuti kampani yakhala ikuvutika kulipira pa nthawi yake. Zimenezo n'zoona, ndipo simunatukwane munthu. Za galimoto yatsopano imene abwana agula antchito asanalandire, zisiyeni panja pamodzi ndi ambulera.

Ngati kontrakiti yatha, kapena pulojekiti yatsekedwa chifukwa ndalama za othandiza zaima, monga zinachitikira ambiri mu 2025 pamene boma la America linaimitsa thandizo lochuluka lodzera ku USAID, yankho lanu ndi lapafupi. Nenani chomwecho m'mawu ochepa, n'kuonjezera zimene munakwanitsa pa nthawiyo. Chimodzimodzinso ngati mukutsatira banja limene lasamutsidwa, kapena mukufuna kuyandikira makolo okalamba. Koma zikhale zoona, ndipo musalowe m'zinsinsi za m'nyumba.

Ngati vuto ndi munthu, lankhulani za ntchito, munthuyo mumusiye. Mungati, "Ine ndimagwira bwino pamene ndikudziwa chimene chikuyembekezeka kwa ine, ndipo zolakwika zikukambidwa mwaulemu. Kumene ndili zimenezo zakhala zikuvuta, ndipo ndaona kuti nthawi yakwana yoti ndisunthe." Wofunsa wina amakukumbani dala, kufuna kuona ngati mungatsetsereke: "Tatiuzani bwino, abwana anuwo ndi ovuta eti?" Pamenepo yankhani kuti, "Tinasiyana maganizo pa zina, koma sindingakonde kulankhula za munthu amene pano palibe." M'zaka zonse zimene ndinakhala pa tebulo lija, sindinaonepo munthu akutsitsidwa malikisi chifukwa cha yankho limenelo.

Chovuta koposa ndi pamene munachotsedwa. Apa ndi pamene bodza limakoka mwamphamvu, ndipo ndikumvetsa, pakuti kunyumba kuli ana ofuna fizi. Sindiiwala mayi wina amene anabwera pamaso pathu. Titamufunsa, anakweza maso n'kunena kuti, "Ndinachotsedwa. Ndinasainira katundu ndisanamuwerenge, ndipo anapezeka woperewera. Sindinabe, koma kusasamalako kunali kwanga. Chiyambire tsiku limenelo sindisaina chinthu chimene sindinachione ndi maso anga." M'chipindamo munati zii. Atatuluka tinatsutsana kwa nthawi ndithu, ena akukana. Pomaliza tinamutenga, ndipo m'chigawo chake simunasowenso ngakhale bokosi limodzi la mapepala. Sindikulonjezani kuti chilungamo chidzakulowetsani ntchito nthawi zonse. Alipo amene ananena zoona ndipo tinawabweza. Koma taonani mmene mayiyu anayankhira. Anavomera chimene chinachitika, sanachikulitse kapena kuchichepetsa, anasenza gawo lake, n'kusonyeza chimene chasintha mwa iye. Zonsezo m'mphindi imodzi.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Lamulo la Employment Act la mu 2000, m'gawo 31, limati ntchito ikatha mwanjira iliyonse, wantchito akapempha ayenera kupatsidwa kalata yosonyeza kumene amagwira, nthawi imene wagwira, udindo wake ndi malipiro ake. Chifukwa chothera ntchitoyo chimalembedwa m'kalatamo pamene mwini wake wapempha. Itengeni kalata imeneyo musanachoke, muwerenge zimene zalembedwamo, ndipo pakamwa panu pasadzasiyane ndi pepala.

Kwa inu amene m'zaka zitatu mwasintha ntchito kanayi, funsoli lidzakulemerani kuposa anzanu, ndipo m'pake. Ngati anali makontrakiti aafupi, fotokozani chomwecho. Koma ngati paliponse mumachoka chifukwa abwana ndi oipa, khalani pansi mudzifunse funso la bambo wa imvi uja musanapite kukafunsidwa ndi ena. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuwerenga mukuwira mumtima. Mukuti, akuluakulu inu ndinu amene mwatiphunzitsa kukhala chete mpaka dziko lawonongeka. Bwana azibera antchito, azigwiragwira atsikana mu ofesi, ife tizingoti tinasiyana maganizo? Kudandaula kumeneko n'komveka, ndipo m'badwo wanga uli ndi mlandu pa kukhala chete kumeneko. Sindikunena kuti choipa chibisidwe. Ndikunena kuti chikanenedwe kumene kuli mphamvu yochikonza. Anthu a pa intavyu sangakubwezereni malipiro anu kapena kulanga wokuzunzani. Chimene angathe n'kukumverani chisoni, kenaka n'kulemba wina. Ngati munachotsedwa popanda chifukwa chomveka, kapena osapatsidwa mpata wodziteteza, lamulo lomwelo m'gawo 57 lili kumbali yanu. Pitani ku ofesi ya zantchito ya pa boma lanu, ndipo musazengereze, pakuti lamulo limapereka miyezi 3 yokha yokadandaulira kumeneko. Zikakanika, kuli khoti la Industrial Relations Court. Ngati ndi nkhanza zokhudza chiwerewere, Gender Equality Act ya mu 2013 inaziletsa. Ngati ndi katangale, kuli Anti-Corruption Bureau. Kumeneko kanenani zonse, mayina, masiku ndi ndalama zomwe. Yakobo mu Genesis 31 anawerenga zonse zimene Labani anamuchitira: zaka 20 za ntchito, dzuwa la usana, chisanu cha usiku, ndi malipiro osinthidwa kakhumi konse. Koma anaziwerenga pamaso pa Labani mwini wake, abale a mbali zonse ziwiri akumva, ndipo nkhaniyo inatha ndi pangano.

Ndipo ngati munachoka chifukwa munakana kuchita choipa, pa intavyu mungathe kunena kuti, "Ndinauzidwa kuchita zinthu zosemphana ndi malamulo a ntchito yanga, ndinakana, ndipo ndinaona kuti sindingapitirize." Imani pomwepo. Wolemba ntchito wolungama adzamva zonse zimene akufunika kumva. Amene adzakukanani chifukwa cha mawu amenewo wakupulumutsani ku nyumba ina yofanana ndi imene mwathawa.

Kunena zoona, yankho la funso limeneli silikonzedwa usiku woti mawa intavyu. Limakonzedwa ndi mmene mukukhalira kumene muli, ndi mmene mudzachokere. Wolipidwa pamwezi, lamulo limafuna kuti apereke notisi ya mwezi umodzi, yolemba. Iperekeni. Siyani mafayilo ali m'malo mwake, muonetse wolowa m'malo mwanu pamene mwalekezera, mubweze makiyi, laputopu ndi yunifomu, mukambirane za ngongole imene yatsala, ndipo mutsanzike ngakhale kwa amene anakulakwirani. Yakobo yemweyo, ngakhale anali ndi zifukwa zomveka, anachoka mozemba, ndipo m'katundu mwake munali za eni zimene Rakele anatenga. Labani anamulondola masiku 7 mpaka ku phiri la Gileadi. Ambiri amathawa ntchito tsiku lolandira malipiro, foni n'kuzimitsa, kuiwala kuti tsiku lina adzafuna dzina la bwana yemweyo pa pepala. Pa Facebook pano napo samalani. Zimene mumalemba usiku mutakwiya, zonyoza kumene mukugwira, olemba ntchito amaziwerenga musanalowe n'komwe m'chipinda chawo.

Ndisatseke ndisanalankhule ndi anzanga amene muli tsidya lija la tebulo, ena mwa inu tikumakhala benchi limodzi Lamulungu. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Munthu amene wakhala patsogolo panuyo mwina wabwereka jekete, ndipo ya minibasi wachita kukongola. Akanena zoona zowawa, musamulange chifukwa cha chilungamo chake n'kukweza wodziwa kunama bwino, pakuti mukatero ndinu amene mukuphunzitsa ana athu bodza. Zimene wanena m'chipindamo zithere momwemo. Amene anakanena mawu anga kwa mkulu wanga uja analakwa, ngakhale ine ndinalakwa poyamba. Ndipo wantchito wanu akakupemphani kuti mumuchitire umboni kwina, nenani zoona, osamutsekera njira chifukwa chowawidwa mtima kuti akukusiyani. Ngati antchito anu akuchoka motsatizana, funso lija mudzifunse nokha: n'chifukwa chiyani akuchoka?

Mnyamata uja anabwera kunyumba Lachitatu madzulo, tinakhala pa khonde mpaka mdima, amayi akunyumba atatiikira tiyi ndi mbatata. Nkhani ija ya minibasi zitatu tinaisefa mpaka inatsala mawu oti munthu n'kuwanena mpweya usanamuthere: zimene waphunzira kumene ali, kuchedwa kwa malipiro, kusowa kwa mwayi wokwera, ndi chimene chamukoka ku ntchito yatsopanoyo. Palibe liwu labodza m'menemo, ndipo palibe dzina la munthu. Pochoka anandifunsa kuti, "Nanga za mphwake wa abwana zija ndisanene?" Ndinamuuza kuti azisiye pa khonde pompo, ndidzasesa m'mawa.

Akupita kukaonekera Lachisanu likudzali. Mumukumbukire m'mapemphero, pamodzi ndi ena onse amene sabata ino akukakhala pa mpando umenewo. Amene muli ndi mwana kapena m'bale wofuna ntchito, mutumizireni mawuwa. Ambuye akusungeni nonse, mugone bwino.